Mawaya a batire pa boti la thanga: mangani chonchi kuti boti lisapse

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi masola ndi mainveta m'makomo muno mu Harare, ku Highfield, Mufakose, Glen View uko, koma Loweruka nthawi zambiri mumandipeza kunyanja ya Chivero ndili chogwada m'boti la munthu mutu uli m'bokosi la batire. Ndiye vuto lomwe amandiitanira ndi limodzimodzi, nyali zikuyaka zikafuna, pampu yapansi yasiya, batire latsopano koma sabata ziwiri latha. Ukatsegula bokosi lija umapeza mawaya ali piringupiringu ngati mizu ya namasupuni, asanu ndi atatu onse akanikizidwa pamutu umodzi wa batire, ena angopotedwa ndi manja nkukulunga tepi yakuda yomwe inasungunuka kale ndi kutentha, fyuzi olo imodzi palibe. Ndipo amene anamanga si mbuli ayi, nthawi zambiri ndi m'bale wathu yemwe amadziwa bwino waya wa m'nyumba kapena wa kombi, kungoti boti ndi nkhani ina, limagwedezeka, limapendekera mbali imodzi mphepo ikagwira thanga, mkati mumakhala chinyezi chaka chonse, ndipo moto ukabuka pakati pa madzi mulibe kothawira, pansi pali ng'ona.

Zomwe ndalemba apa ndi za boti laling'ono la magetsi a 12V, batire limodzi kapena awiri, nyali, pampu, wailesi, pochajira foni, mwina ndi sola imodzi.

ZIDA NDI KATUNDU

Zida: multimeter (choyezera magetsi), masipanala a 10 ndi 13, chodulira waya, chosendera waya, crimper yeniyeni yofinyira malagi (timitu ta chitsulo toika kunsonga kwa waya) ang'onoang'ono ija imakana kutseguka mpaka mutamaliza kufinya, crimper yaikulu ya malagi a nthambo zonenepa (iyi mutha kubwereka kwa anzathu a masola), heat gun, bulashi ya waya, tochi ya pamutu, magalasi oteteza maso, cholembera chosafufutika, pepala ndi pensulo.

Katundu: waya wa kopa wa timawaya tambirimbiri tofewa, ofiira ndi akuda kapena achikasu. Malagi a kopa obowola pakati, a saizi ya bawuti ya batire lanu. Heat shrink (kapaipi kovekera waya komwe kamafota mukakatenthetsa) yokhala ndi guluu mkati. Fyuzi yaikulu ndi chogwirira chake. Swichi yaikulu ya batire. Bokosi la mafyuzi ang'onoang'ono. Busbar ya negetivi, kachitsulo ka mabawuti angapo pomwe mawaya onse a negetivi amakumana. Bokosi la batire ndi lamba wake. Zipewa za labala zovindikira mitu ya batire. Makebotayi, timakilipi tokhomera waya, paipi yopindika yodutsitsira mawaya, Vaseline, soda wophikira ndi madzi a batire.

Pa waya ndiimepo kaye chifukwa apa ndi pomwe anthu amaluzira ndalama asanayambe nkomwe. Waya wa m'nyumba uja wa kopa imodzi yolimba musayerekeze, boti likamagwedezeka amathyoka mkati mwa chikopa chake osaoneka. Wabwino kwenikweni ndi uja timawaya take anatikuta ndi tini, amaoneka ngati siliva, sachita dzimbiri msanga. Muno sapezeka paliponse ndipo ndi wodula, pa madzi opanda mchere ngati a Chivero, Manyame kapena Kariba kopa wamba wofewa amapirira bola mutseke bwino nsonga zake. Koma chenjerani ndi waya wina wadzaza mtauni ndi ku msika wa Magaba, kunja amaoneka kopa koma mkati ndi aluminiyamu, anangomupaka. Mmanja amapepuka. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni, kakayera mkati musiyeni pompo, kapena kayatseni ndi laita, wabodza amafota nkupindika pomwe kopa weniweni amangoda. Wogulitsa akakwiya kuti mukupala katundu wake, yankho mwalipeza kale.

1. JAMBULANI KAYE, OSADULA KANTHU

Tengani foni mujambule mmene zilili panopa mbali zonse. Kenako papepala lembani chilichonse chomwe chimadya magetsi m'botimo, ma amp ake, ndi kutalika kwa njira yomwe waya adutse. Ngati pa chipangizo analemba ma watt okha, gawani ndi 12, babu la 24W ndi 2A basi. Njira muyeze ndi chingwe mmene waya ayendere, mokhotakhota mwake, osati kuloza ndi chala.

Dongosolo lake ndi ili ndipo mulijambule: pozitivi ya batire, fyuzi yaikulu, swichi yaikulu, bokosi la mafyuzi, kenako chipangizo chilichonse ndi waya wakewake. Pobwerera, negetivi ya chipangizo chilichonse ipite pa busbar, ndipo kuchoka pa busbar nthambo imodzi yonenepa ipite pa batire. Boti si galimoto, palibe zoti negetivi tingomanga pa chitsulo chapafupi. Ambiri mwa maboti awa ndi a fibreglass sapititsa magetsi, ndipo likakhala la chitsulo kapena aluminiyamu ndiye zoopsa kwambiri chifukwa magetsi oyenda m'thupi la boti amalidya pang'onopang'ono.

2. WERENGERANI KUNENEPA KWA WAYA

Pa 12V waya woonda amaba mphamvu panjira. Lamulo lomwe amayendera omanga maboti ndi loti pa zinthu zofunika, monga nyali zoyendera usiku, pampu ndi wailesi, mphamvu yotayika panjira isapose 3 pa 100, pa 12V ndiye 0.36V. Nyali za mkati mutha kulekerera mpaka 10 pa 100.

Masamu ake si ovuta. Tengani 0.0175, chulukitsani ndi mamita a waya kupita ndi kubwerera, chulukitsaninso ndi ma amp, kenako gawani ndi 0.36. Yankho ndi saizi ya waya mu mm².

Chitsanzo, pampu ya 5A ili mamita 4 kuchokera pa bokosi la mafyuzi. Kupita ndi kubwera ndi mamita 8. Masamu akupatsani 1.9, ndiye mugula 2.5 mm², nthawi zonse kukwera osati kutsika. Anthu ambiri amaiwala kuwerengera ulendo wobwerera, nkuika 1.5, pampu nkumalira ngati ikugwira ntchito koma madzi akutuluka mwaulesi.

Nyali ya pamwamba pa mlongoti ndi yomwe imadabwitsa anthu. Mlongoti wa mamita 9, kuonjezera mamita 4 a mkati mwa boti, kupita ndi kubwera ndi 26. Babu lakale la 2A masamu akupitirira pang'ono 2.5, ndiye likufuna 4 mm² ulendo wonsewo. Mukasintha nkuika LED ma amp amatsika kwambiri ndipo 1.5 imakwana. Ine pa boti sinditsika pansi pa 1.5 mm² olo masamu atalola, waya woonda kuposa apo amaduka ndi kukoka chabe.

Nthambo yochoka pa batire kupita ku bokosi la mafyuzi werengerani ngati zonse zayaka nthawi imodzi. Pa boti laling'ono la 30A, mamita 2 mbali imodzi, masamu akuti 6 mm², ine ndimaika 10 chifukwa eni boti sachedwa kubwera ndi kafiriji ka mowa chaka chamawa.

3. CHOTSANI BATIRE MOSAMALA

Vulani wotchi, mphete ndi tcheni cha m'khosi. Valani magalasi. Fodya azimitsidwe, ndipo ngati batire linali pa chaji tsegulani bokosi mphepo ipite kaye, batire la asidi likamachajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umaphulika ndi kakuthetheka kamodzi. Ngati pali sola, yambani mwachotsa waya wa panelo pa controller, kabokosi koyang'anira chaji pakati pa sola ndi batire.

Negetivi ndiyo yoyamba kuchotsa ndipo ndiyo yomaliza kubwezera. Sipanala yanu ikulungeni tepi thupi lonse kungosiya kamwa. Ine ndinaphunzira movutikira, chaka changa choyamba pa maboti ndinali ndikumanga pozitivi boti lili pamadzi, boti la injini linadutsa chapafupi funde nkutigwedeza, sipanala inagona pa mitu yonse iwiri. Sindinaone nkomwe, ndinangomva phaa, kuwala, ndipo sipanala ija inamatirira pamutu wa batire itafiira, ndinachita kuigunda ndi chitsulo cha nangula kuti ichoke. Ndikadali nayo, ili ndi chibowo ngati yalumidwa ndi khoswe. Batire laling'ono lomweli limatha kutulutsa ma amp mazanamazana pa shoti, 12V isakupusitseni kuti poti siigwira munthu ndiye ndi yofatsa.

Mitu ikakhala ndi zoyera kapena zobiriwira zija, sungunulani soda m'madzi, tsukani ndi bulashi, pukutani. Madzi a soda asalowe m'mabowo a batire, amapha asidi.

4. PEZANI MALO A BATIRE NDIPO LIMANGENI

Batire likhale pansi chapakati pa boti chifukwa ndi lolemera, koma pamwamba pa pomwe madzi a pansi amafika. Likhale m'bokosi losadyeka ndi asidi, lamba amangidwe ku thupi la boti ndi mabawuti, osati timasikuluwu tolowa m'pulanga yofumbwa. Mukalikankha ndi mphamvu zanu zonse lisasunthe kuposa chala chimodzi. Kumbukirani boti la thanga limayenda chopendekera, ndipo nyengo ya mvula mphepo ya pa Chivero imatha kungotembenuka nkuligoneka, batire la makilo 25 losamangidwa likauluka mmenemo limathyola chilichonse, mwendo wa munthu womwe.

Mpweya uzitha kutuluka chakumwamba kwa bokosi. Thanki ya petulo kapena silinda ya gasi zisakhale chipinda chimodzi ndi batire, ndipo chaja kapena controller musaikhome pamwamba penipeni pa batire la asidi, nthunzi yake imadya zamkati.

Ngati mabatire ndi awiri omwe mukuwaphatikiza kuti akhale amodzi, akhale a mtundu umodzi, saizi imodzi, ogulidwa nthawi imodzi. Lakale limakoka latsopano mpaka onse atheretu. Nthambo zolumikiza zikhale zofanana kutalika, ndipo pozitivi ya boti itengedwe pa batire loyamba, negetivi pa lachiwiri, kuti onse azigwira ntchito mofanana.

5. FYUZI YAIKULU, PAFUPI PENIPENI NDI BATIRE

Mukaiwala zonse ndalemba apa iyi yokha musaiwale. Fyuzi sikuti imateteza wailesi yanu, imateteza waya kuti asasanduke chowotchera. Ndiye waya yense amene ali pakati pa batire ndi fyuzi alibe omuteteza. Ndimapeza maboti oti bokosi la mafyuzi lilipo labwinobwino pafupi ndi khomo, eni ake nkumati zonse zili ndi fyuzi achimwene, koma kuchoka pa batire kufika pa bokosilo pali mamita atatu a nthambo yodutsa pansi pa mipando, kukhuzana ndi mabawuti, popanda kalikonse. Nthamboyo ikapalika nkukhudza negetivi palibe chomwe chidule, imafiira yonse, chikopa chimayaka, ndipo fibreglass ikagwira moto simuzimitsa ndi chidebe.

Malamulo a ABYC a ku America, omwe omanga maboti ambiri amatsatira, amati fyuzi ikhale mkati mwa mainchesi 7 kuchokera pa batire, ndiye masentimita 18 okha, kutalika kwa chikhatho chotambasula. Yosavuta ndi fyuzi ya MRBF yomwe imakhala pamutu penipeni pa batire. Ikasowa, fyuzi za ANL kapena MIDI zomwe a masola timagwiritsa ntchito zimachita, bola kanthambo kofika pamenepo kakhale kakafupi ndipo kakutidwe bwino.

Saizi ya fyuzi ipose pang'ono ma amp omwe mumagwiritsa ntchito koma isapose zomwe waya angapirire. Ine ndimayendera izi ndipo ndimasiya mpata dala: 1.5 mm² osapitirira 10A, 2.5 osapitirira 20A, 4 osapitirira 30A, 6 osapitirira 40A, 10 osapitirira 60A, 16 osapitirira 80A. Waya aliyense wochoka pa pozitivi ya batire akhale ndi fyuzi yake, wa sola yemwe, wa chaja yemwe, ngakhale kawaya kakang'ono ka voltmeter, ndipo kameneka ndi komwe anthu amakaiwala. Nthambo yolizira injini yokha ndi yomwe nthawi zambiri imasiyidwa yopanda fyuzi chifukwa sitata imakoka kwambiri, ndiye imeneyo ikhale yaifupi, m'paipi, yomangidwa bwino.

Fyuziyo musaiike kaye. Mangani chogwirira chokha, fyuzi ikhale m'thumba mpaka kumapeto.

Kwa amene mukufuna kunyamula batire la lithium la kunyumba kupita nalo pa boti poti tazolowera chifukwa cha kuzima kwa magetsi: likhale LiFePO4 lokhala ndi BMS (kachipangizo kolitetezera mkati mwake), fyuzi yake ikhale Class T chifukwa shoti ya lithium ndi yaukali kuposa ya asidi, ndipo musalilumikize molunjika ku alternator (chochajira batire cha pa injini), pamafunika chaja ya DC-DC pakati.

6. SWICHI YAIKULU NDI BOKOSI LA MAFYUZI

Swichi ikhale pafupi ndi batire koma poti dzanja lifike osatsegula bokosi la batire, chifukwa tsiku lomwe mudzaifune mwachangu ndi tsiku lomwe m'bokosimo mukutuluka utsi. Aliyense wokwera boti aonetsedwe pomwe ili, ana omwe.

Ngati muli ndi swichi ija yosankhira batire ya 1, 2, BOTH ndi OFF, ndipo injini yanu ili ndi alternator, musaitembenuzire pa OFF injini ikulira, ma diode a alternator amapsa nthawi yomweyo. Vuto lina la swichi imeneyi ndi kuiwala pa BOTH usiku onse, mmawa mabatire onse awiri atha injini osalira. Kachipangizo kotchedwa VSR kamathetsa zimenezi, kamaphatikiza mabatire pokhapokha akuchajidwa, injini ikazima kamawalekanitsa kokha.

Bokosi la mafyuzi ndi busbar zikhomeni pa thabwa limodzi louma, moimirira, pomwe mungaone mutakhala pansi osachita kugona chagada. Pozitivi mbali iyi, negetivi mbali iyo, zonse zovindikira.

Pampu yochotsa madzi pansi pa boti, ngati ili ndi float switch (kaswichi koyandama komwe kamaiyatsa madzi akakwera), isadutse pa swichi yaikulu. Itenge pa batire ndi fyuzi yakeyake pafupi ndi batire pomwepo. Boti mumalisiya Lamlungu madzulo mwazimitsa zonse nkubwerera mtauni, Lachitatu mvula ya Januwale ikugwa usiku onse inu muli ku Dzivarasekwa, pampu iyenera kudzuka yokha.

7. KUFINYA MALAGI

Apa ndi pomwe pamasiyana ntchito ya chaka chimodzi ndi ya zaka khumi. Lowetsani heat shrink pa waya musanaike lagi, aliyense anaiwalapo kkk. Sendani chikopa mulingo wa kukula kwa lagi basi, osadula kawaya olo kamodzi, mukadula tingapo dulani poyambira muyambirenso. Kopa akhale wowala, akakhala wakuda ndiye kuti chinyezi chinalowa kale, dulani mpaka mupeze woyera, akapanda kupezeka tayani waya yense. Timawaya tonse tilowe m'lagi, finyani ndi crimper pa saizi yake, kenako kokani ndi mphamvu ngati mwakwiya nalo. Likasuntha olo pang'ono dulani. Pomaliza heat shrink, itenthetseni mpaka guluu ayambe kutuluka m'mphepete.

Pulayazi si crimper. Hamala ndi chizulo pa mwala si crimper. Zimaoneka ngati zagwira koma mkati mumatsala mipata, mmenemo mumalowa chinyezi nkuyamba kutentha.

Za solder, mtovu uja wowotcherera, timakangana kwambiri ndi anzanga okonza mawailesi ku Mbare, iwo amati chowotcherera ndiye cholimba. Pa tebulo inde. Pa boti mtovu umakwera m'timawaya nkuumitsa waya, ndiye pomwe pathera mtovu mpomwe amathyokera ndi kugwedezeka, komanso pakatentha chifukwa cha shoti mtovu umasungunuka waya nkugwa ali ndi moto. Kufinya ndiye koyamba. Ndipo malagi akhale obowola pakati, aja a ngati foloko amavuka nati ikangomasuka pang'ono.

8. KUYENDETSA MAWAYA

Yendetsani mawaya chakumwamba, kutali ndi madzi a pansi, kutali ndi paipi ya utsi ya injini, ndiponso kutali ndi zingwe ndi zitsulo zowongolera zomwe zimayenda. Mangani pa masentimita 45 alionse kapena kuchepera. Paliponse pomwe waya akudutsa pa bowo ikani labala kapena kachidutswa ka paipi, m'mphepete mwa fibreglass yobowola ndi yakuthwa ngati lumo ndipo imacheka pang'onopang'ono ulendo uliwonse. Makebotayi musamange mpaka kuluma chikopa, ndipo michira yake iduleni mofanana, dzanja lanu lomwe lidzathokoza.

Waya asafike pa chipangizo atakokeka ngati chingwe cha gitala. Siyani kotsala pang'ono, ndipo kapindeni kuti katsike pansi kaye kenako nkukwera kulowa m'chipangizo, madzi oyenderera pa waya azidonthera pansi pa kupindako osalowa mkati. Pansi pa mlongoti ikani pulagi yosalowa madzi kuti tsiku logwetsa mlongoti, pokokera boti pa ngolo kupita ku Kariba, musachite kudula mawaya.

Pafupi ndi kampasi pewani kudutsitsa waya, magetsi amapotoza singano. Zikakanika potani wa pozitivi ndi wa negetivi pamodzi ngati chingwe.

Mtundu: ofiira pozitivi, akuda kapena achikasu negetivi, boti lonse osasintha. Ngati muli ndi inveta kapena chingwe cha magetsi a kumtunda, achikasu ndi abwino, chifukwa m'mawaya akale a m'nyumba zathu ofiira ndi akuda ali ndi tanthauzo lina ndipo kusokoneza 220 ndi 12 ndi maliro. Mawaya a 220 ayende njira yawoyawo.

Lembani dzina mbali zonse ziwiri za waya aliyense. PAMPU, MLONGOTI, WAILESI, NYALI ZA MKATI. Ine ndimalemba pa kapepala nkuveka heat shrink yoonekera mkati. Zimaoneka ngati kutaya nthawi mpaka tsiku lomwe nyali zazima dzuwa litalowa, boti likuvina, tochi ili kukamwa, nkumafufuza kuti mwa ofiira khumiwa wa nyali ndi uti.

9. KUMANGA PA BATIRE

Pamutu wa batire pasakhale malagi oposa anayi, ndipo mukatsata dongosolo lija simufika nkomwe pamenepo. Lagi lalikulu, lonyamula ma amp ambiri, ndilo liyambe kugona pa batire, ang'onoang'ono pamwamba pake, kenako washala wafulati, washala wa sipuling'i, nati. Pakati pa batire ndi lagi pasalowe washala. Ichi ndimachipeza pafupifupi boti lililonse, munthu waona bawuti yatalika waika washala wa stainless pansi, koma stainless sipititsa bwino magetsi, pamatentha mpaka mutu wa batire kusungunuka.

Manati a mapiko aja omanga ndi zala achotseni, ikani nati yeniyeni mumange ndi sipanala, mokwanira kuti lagi lisatembenuke ndi dzanja koma osachita kudzipachika, mutu wa batire ndi mtovu umathyoka. Pozitivi yoyamba, negetivi yomaliza. Vaseline apakidwe pamwamba mutamanga kale. Vindikirani pozitivi ndi chipewa chake.

Sola: controller ilumikizidwe ku batire kaye, panelo pambuyo, kuti idziwe kuti ili pa 12V. Pochotsa ndi mosemphanitsa. Panelo isapite ku batire popanda controller, dzuwa la Okutobala limaphika batire mpaka kuuma madzi.

10. KUYESA

Swichi yaikulu pa OFF, mafyuzi ang'onoang'ono onse kunja. Musanaike fyuzi yaikulu yesani ndi multimeter, mutaiika paja imalira mawaya akakhudzana, pakati pa nthambo ya pozitivi ya boti ndi busbar ya negetivi, isalire. Ikalira pali shoti penapake, musapitirize.

Yesani batire lopuma, lomwe lakhala maola angapo osachajidwa osagwira ntchito. La asidi lodzaza limaonetsa 12.6 kapena 12.7V, pa 12.2 lili pakati ndipo mpomwe muyenera kulekezera, pansi pa 12.0 mukulipha. Likamachajidwa muziona pakati pa 13.8 ndi 14.4.

Ikani fyuzi yaikulu, yatsani swichi, kenako mafyuzi ang'onoang'ono imodziimodzi, chilichonse muyese pachokha. Pampu ikulira yesani ma volt pa batire kenako pa pampu penipeni, kusiyana kusapose 0.4V. Kenako yatsani zonse kwa mphindi 15 muyende ndi chala kugwira lagi lililonse. Lofunda ndi lomwe silinafinyike kapena nati yake ndi yomasuka.

Chomaliza, zimitsani zonse, chotsani negetivi, ikani multimeter pa ma amp pakati pa mutu wa batire ndi nthambo. Izionetsa pafupifupi ziro. Ikaonetsa kanthu ndiye kuti pali chomwe chikuba usiku, kawirikawiri ndi wailesi ya galimoto yomwe ili ndi waya wosunga masiteshoni, kapena soketi ya USB ya kanyali ka buluu. Mukamaliza bwezerani chingwe cha multimeter pa bowo la ma volt nthawi yomweyo, mukaiwala nkukayesa batire ili pa ma amp fyuzi ya mkati mwake yapita.

Pepala lija munajambula likonzeni kuti lifanane ndi zomwe mwamanga, liikeni m'pulasitiki, limateni mkati mwa chitseko pafupi ndi mafyuzi, pamodzi ndi kathumba ka mafyuzi apadera a saizi iliyonse.

ZOLAKWIKA ZOMWE NDIMAZIPEZA MOBWEREZA

Fyuzi ikapsa kuika yaikulupo, kapena kukulunga pepala la siliva la m'paketi ya fodya. Fyuzi yapsa chifukwa pali chomwe chalakwika, ndiye mukaikulitsa chomwe chipse ulendo wina ndi waya.

Kuba magetsi pa waya wa chinthu china. Munthu wagula fish finder (kachipangizo koonera nsomba pansi pa madzi), wapeza waya wa nyali pafupi, wasenda pakati nkupotapo. Miyezi itatu pamenepo pabiriwira, ndipo nyali zikayaka fish finder imazima. Bokosi la mafyuzi gulani lokhala ndi mipata iwiri kapena itatu yotsala.

Timabuloko tija ta pulasitiki ta masikuluwu ta m'nyumba. Sikuluwu imadula timawaya ndipo imachita dzimbiri nyengo imodzi ya mvula.

Batire la galimoto pa nyali ndi firiji. Linapangidwira kuliza injini masekondi ochepa, mukamalitsitsa usiku uliwonse silikhalitsa. Pa zimenezi pamafunika la deep cycle, lopangidwira kutsitsidwa ndi kuchajidwa mobwereza.

Kuthira madzi a pampopi, a pachitsime kapena a m'nyanja momwemo m'batire. Madzi a batire okha, ndipo angophimba mapuleti, osadzaza mpaka kukamwa chifukwa boti likapendekera asidi amatayikira m'bokosi. Asidi osaonjezera.

Kusiya batire lotheratu mwezi wathunthu wa Juni poti kukuzizira simukupita kunyanja. Likakhala lopanda chaji mapuleti amauma ndi zoyera ndipo silidzadzazanso ngati kale. Kaya kasola kakang'ono ndi controller yake, kaya linyamuleni lipite kunyumba.

Makoswe. Boti likakhala kumtunda pa ngolo pafupi ndi udzu amalowa nkutafuna zikopa za mawaya, makamaka kumbuyo kwa mipando komwe simuyang'ana. Musanaliponye m'madzi koyamba pa nyengo yendani ndi tochi waya aliyense, ndipo kokani lagi lililonse pamutu wa batire ndi pa busbar. Boti lomwe ndinakonza mwezi watha anali atadya waya wa pampu malo atatu, ndipo chisa anamanga ndi zidutswa za tepi yakuda ija mkati mwenimweni mwa bokosi la batire, pakati pa mitu iwiri.